"Seka ciseko": kachulidwe ka mau ndi kuseka m'kalasi ya kuwerenga

Ngati mwaphunzitsapo Giredi 1 kapena Giredi 2, ngakhale kwa temu imodzi yokha, mukuidziwa nthawi ija imene kalasi yonse imafa nako kuseka cifukwa ca liu limodzi. Tinene kuti mphunzitsi wokulira mu Lusaka watumizidwa ku sukulu ya kumudzi ku Katete. Ndi mwezi wa June, mphepo ikulowa, ndipo iye akuuza mwana amene wakhala pafupi ndi khomo kuti, "Iwe, seka ciseko." Mwanayo ayang'ana citseko, ayang'ananso aphunzitsi, kenaka ayamba kumwetulira mwamanyazi, poti akulu alamula kuti aseke. Anzake onse agwa nako kuseka. Mphunzitsi amafuna kunena kuti "tseka citseko", koma m'Cinyanja cimene anakula naco kamvekedwe ka ts kanasanduka s, ndipo m'makutu mwake "tseka" ndi "seka" ndi liu limodzi. Kwa ana olankhula Cicewa, awa ndi mau awiri osiyana kutalitali.

Palibe colakwa kuti kalasi iseke. Koma inu monga mphunzitsi wa kuwerenga musalole kuti kuseka kuja kuthere pomwepo. Kwakuuzani cinthu cimene mukanataya masabata mukucifufuza: kuti pali mamvekedwe awiri amene wina m'kalasimo, kaya ndi mwana kaya ndinu, amawamva ngati amodzi. Mukadziwa kuti ndi ati, mwadziwa coti muphunzitse mawa. Mukapanda kudziwa, n'kosavuta kuika mwana m'gulu la olephera kuwerenga pamene iye akuwerenga bwinobwino, kungoti akuchula mau monga momwe amawachulira amai ake kunyumba.

Cinyanja cimodzi, malilime ambiri

Cinyanja ndi cimodzi mwa zilankhulo 7 zimene zimaphunzitsidwa m'masukulu a dziko lathu, pamodzi ndi Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Dera lake ndi Cigawo ca Kum'mawa ndi Lusaka. Kalembedwe kamene timatsatira kanavomerezedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro m'caka ca 1977, ndipo Cinyanja ca m'mabuku cili pafupi kwambiri ndi Cicewa ca ku Katete, Chadiza ndi Vubwi. Koma ana amene amatsegula mabukuwo si onse Acewa. Ku Petauke ndi ku Nyimba kunyumba amalankhula Cinsenga. Ku Lundazi ndi ku Chasefu ndi Citumbuka. Ku Mambwe kuli Cikunda, ku Chongwe kuli Cisoli, ndipo Angoni ambiri ozungulira Chipata amalankhula moyandikana ndi Cinsenga. Mu Lusaka muli Cinyanja ca m'tauni, cimene catola mau ndi kachulidwe kucokera ku Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi. M'kalasi imodzi ya m'komboni mungapezenso mwana wobadwira ku Kitwe, wina wocokera ku Monze, ndi wina amene makolo ake anacokera ku Congo kapena ku Burundi.

Aphunzitsinso timatumizidwa ku cigawo ciliconse. Conco si zacilendo kuti wophunzitsa Cinyanja akhale woti anaciphunzira ali wamkulu kale.

Lilime lililonse limabwera ndi mndandanda wake wa mamvekedwe. Mwana akamafika caka cimodzi, khutu lake limakhala litayamba kale kuzolowera kusiyanitsa mamvekedwe okhawo amene amasintha tanthauzo m'cilankhulo ca pakhomo pao. Ena onse amawaunjika pa kamvekedwe kamene kali pafupi. N'cifukwa cake kukalipira mwana kuti "tamvetsera bwino" sikuthandiza kwenikweni. Iye akumvetsera ndithu, koma kusiyana kumene inu mukumva iye sanaphunzirebe kukumva.

Kampweya ka lembo h

Apa ndi pamene pali nthabwala zambiri, ndiponso pamene pali nchito yaikulu. M'Cinyanja p, t, k ndi c ali ndi anzao ochulidwa ndi kampweya: ph, th, kh ndi ch. Kampweya kameneka kamasintha tanthauzo. "Kanda" ndi kucita ndi zikhadabo pamene pakuyabwa, "khanda" ndi mwana wongobadwa kumene. "Pala" ndi cimene timacita ndi mamba a nsomba kapena popita kukatenga moto kwa anansi, "phala" timamwa m'mawa. "Kola" ndi nchito ya msampha, "khola" ndi nyumba ya mbuzi. "Kwaca" ndiye kuti dzuwa latuluka, "wacha msampha" ndiye kuti mbewa zili pangozi.

Cibemba cilibe kusiyanitsa kumeneku, ndipo Cinyanja ca m'tauni cakutaya m'mau ambiri. Mwana wocokera ku Copperbelt akawerenga ciganizo cakuti "Amai ali ndi khanda", cimene cimamveka ndi cakuti "Amai ali ndi kanda", ndipo sipalephera kupezeka wina kumbuyo wofunsa kuti, "Akanda ciani?" Ku Lundazi nkhani imakula. M'Citumbuka "kupa" ndi kupatsa. Mphunzitsi amene satulutsa kampweya akawerenga nthano n'kunena kuti "Mlenje anapa kalulu", ana amadikira kumva kuti anam'patsa ciani, pamene m'buku kalulu wafa kale. Funso la kumvetsa nkhani likabwera, kalasi yonse iyankha molakwa, ndipo wolakwitsa si iwo.

Njira yophunzitsira kampweyaka ndi yosavuta, ndipo ana amaikonda. Patsani aliyense kapepala kopepuka kapena nthenga ya nkhuku, augwire kutsogolo kwa milomo. Akanena "pala", kapepala kasagwedezeke. Akanena "phala", kawuluke. Kusiyana kumene khutu limakana kumva, maso akuona. Yambani ndi maphatikizo, pa ndi pha, ta ndi tha, ka ndi kha, kenaka mupite ku mau enieni. Mukatero jambulani zithunzi ziwiri pa bolodi, khanda mbali ino ndi munthu wodzikanda mbali inayo. Inu muchule liu, ana aloze cithunzi. Kumva kuyambe, kuchula kubwere pambuyo, kulemba kumapeto. Aphunzitsi ambiri amathamangira kulemba, n'kudabwa kuti h akungosowabe m'makope.

Pali lamulo limodzi la kalembedwe limene lingakupeputsireni nchito. Pamene m kapena n waphatikana ndi p, t, k kapena c m'phatikizo limodzi, kampweya kamakhalapo nthawi zonse: mphasa, nthochi, nkhuku, nchito. Mwana wa mu Lusaka amene amati "nkuku" kapena "muntu" sanasokoneze tanthauzo, ndipo mungamuphunzitse kalembedwe kake monga gulu limodzi, mph, nth, nkh, nch, popanda kulimbana naye pa liu lililonse. Samalani kokha ndi mau amene m amaima payekha ngati phatikizo, monga mpando, mtengo ndi mkaka. Apa kachulidwe ka m'tauni kamakuthandizani, cifukwa ana amenewa amati "mupando", "mutengo", "mukaka". Ngati liu silingalole u pakati, h ayenera kukhalapo. Ngati likulola u, pamafunika kumvetsera, pakuti mau ngati mphika ndi mthunzi ali ndi h ngakhale m amaima payekha. Mau abwino oyesera ndi "mpira" ndi "mphira", komanso "mpaka" ndi "mphaka". Ciganizo cakuti "Mphaka wagona mpaka madzulo" cimakwanira phunziro lonse.

Ts ndi dz

Cinsenga, Citumbuka ndi Cinyanja ca m'tauni kawirikawiri zimaika s pamene Cicewa cili ndi ts, ndiponso z kapena kamvekedwe kena pamene Cicewa cili ndi dz. Ndiye tsiku limakhala "siku", dzina limakhala "zina", dziko limakhala "ziko". M'mau ambiri palibe cimene cimasokonekera. Koma "tsamba" ndi la mtengo pamene "samba" ndi ku madzi. "Tsoka" ndi ngozi, "soka" ndi nchito ya telala. "Dzala" ndi kuika mbeu m'nthaka, "zala" ndi za kumanja. Mwana akanena kuti "Atate anabwera zana", wa ku Chadiza amafuna kudziwa kuti zana la ciani, cifukwa kwa iye zana ndi 100, pamene mnzakeyo amanena za dzana, tsiku lija lisanafike dzulo.

Pophunzitsa ts, auzeni ana aike lilime pamene amaika pochula t, aligwire pomwepo pang'ono, kenaka alimasule ndi s. Dz n'cimodzimodzi, kuyambira pa d. Musadabwe ngati sabata lotsatira ana ayamba kuika t ndi d paliponse, n'kumalemba kuti "tsamba m'manja usanadye". Izi zikuonetsa kuti azindikira kuti kamvekedweko kaliko, kungoti sanadziwebe malire ake. Akulu nafenso timacita zomwezi. Mwaonapo kangati liu lakuti "dzikomo" pa zikwangwani ndi m'mauthenga a pa foni? Wolembayo anamva kuti Cinyanja "cozama" cimakonda dz, ndiye anamuika ngakhale pa zikomo pamene sipafunika.

Gula kapena kula?

M'Cibemba mulibe v ndi z, ndipo g ndi d amapezeka pokhapokha akatsatana ndi n. Conco ana ena ongofika kumene kucokera ku midzi ya ku Luapula kapena Kumpoto amachula f m'malo mwa v, s m'malo mwa z, k m'malo mwa g, ndi t m'malo mwa d. "Gula" amamveka "kula", "dula" amamveka "tula", "vala" amamveka "fala". Pa phunziro la masamu, "yeza" ndi "yesa" amasokonezeka: mwauza mwana kuti ayeze utali wa desiki, iye wamva kuti ayese. Kwa olankhula Citonga vuto limayang'ana kwina. M'kalembedwe kao k mmodzi amachulidwa mofewa, moyandikira g, ndipo k wolimba amalembedwa kk. Mwana amene anayambira sukulu ku Cigawo ca Kumwera akaona "kula" angawerenge mofewa, anzake n'kumva "gula". Iyeyu sakulephera kuwerenga. Akutsatira bwinobwino lamulo limene anaphunzitsidwa kumene wacokera, ndipo cimene akufunika ndi kuuzidwa kuti m'Cinyanja lembo lomweli lili ndi kamvekedwe kena.

Pa mamvekedwe awa gwiritsani nchito dzanja. Ana aike zala pakhosi, achule sss kenaka zzz, fff kenaka vvv. Pa z ndi v pakhosi pamanjenjemera, pa s ndi f pamakhala zii.

Palinso mau amene amachulidwa mofanana m'zilankhulo ziwiri koma matanthauzo ake ndi osiyana. Mwana wolankhula Cibemba akati "nalanda" akutanthauza kuti walankhula, sanalande ca munthu. Akati "senda" akunena za kunyamula, pamene mnzake akufunafuna mpeni woti asendere mbatata. Mu Lusaka "vala citseko" ndi kutseka. Izi zimaseketsa cimodzimodzi, koma si nkhani ya kachulidwe, ndipo kapepala kapena dzanja pakhosi sizingathandize. Malo ake ndi phunziro la mau atsopano.

Alendo ocokera kunja

M'masukulu mwathu mumabwera alendo: odzipereka ocokera kunja, ansembe ndi abusa, anamwino, ndi ena a mabungwe othandiza pa maphunziro. Ambiri amayesetsa kulankhula Cinyanja, ndipo ana amawamvetsera ndi makutu onse awiri. Olankhula Cingerezi cobadwa naco amatulutsa kampweya pa p, t ndi k aliyense woyamba liu, osadziwa n'komwe kuti akutero. Ndiye "kola" amakhala "khola", "kanda" amakhala "khanda". Akaona ph pa pepala amawerenga f monga m'Cingerezi, ndipo a Phiri amasanduka "a Firi", ana n'kuuzidwa kuti lero amwa "fala". Koma cimene cimawagwetsa kwambiri ndi ng' woyamba liu. Mlendo akaimirira pamaso pa sukulu yonse n'kunena kuti akufuna kuphunzira kuimba "ngoma", ana a ku Mambwe amene amaidziwa ngoma, nyama ya m'chire ya nyanga zopotana ija, sangathe kudzigwira. Iye amanena ng'oma. Mwana wocokera ku Congo kapena ku Tanzania angachulenso cimodzimodzi pa cifukwa cina: m'Ciswahili ng'oma imachedwa ngoma, ndi g womveka bwino.

Kusiyana kwa ng' ndi ng n'kofunika kukuphunzitsa kwa ana onse, cifukwa kacizindikiro kaja kamaiwalika kwambiri polemba. Pa ng' mpweya wonse umatulukira m'mphuno ndipo g samveka. Ana atsine mphuno n'kuyesa kukoka kamvekedwe koyamba ka "ng'ombe": kadzatsekeka. Inu amene mumadziwa Cingerezi, yerekezani pakati pa "singer" ndi "finger". Loyambalo lili ndi ng', laciwirilo lili ndi ng.

M'Cisomali ndi m'Ciarabu mulibe p, ndipo olankhula zilankhulozi amaika b m'malo mwake. Ana a m'makomboni ena a Lusaka amadziwa wogulitsa m'sitolo amene amati "Bereka ndalama" pofuna kunena kuti "Pereka ndalama". Ngati mwana wa m'banja lotere ali m'kalasi mwanu, "pala" ndi "bala" adzamuvuta. Koma si alendo onse amene amavutika pa malo amodzi. Amwenye a ku Chipata amene makolo ao amalankhula Cigujarati savutika ndi kampweya, cifukwa cilankhulo cao cimasiyanitsanso p ndi ph, k ndi kh. Olankhula Cichaina naonso amakamva bwino kampweya, koma "gula" ndi "kula" amawavuta. Musaganize kuti mwana aliyense wakunja ali ndi vuto lofanana. Mvetserani kuti amapunthwa pati.

Kukwera ndi kutsika kwa mau nakonso kumasintha tanthauzo, ngakhale sitikulemba. "Mtengo" wa m'nkhalango umakwera pa te, "mtengo" wa pa msika sukwera. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso osaona amasiyananso motero. Alendo amasokoneza zimenezi kawirikawiri, koma ciganizo conse cimaulula tanthauzo, ndipo ana obadwa ndi cilankhuloci amachula bwino okha akamvetsa cimene akuwerenga. Mwana akawerenga "mtengo wa shuga" ndi kachulidwe ka mtengo wa m'nkhalango, ndi cizindikiro cakuti akuwerenga liu limodzilimodzi osatsatira ganizo.

L ndi r

Pa nkhani iyi musataye nthawi yambiri pa kachulidwe. M'Cinyanja l ndi r ndi kamvekedwe kamodzi, ndipo palibe mau awiri amene amasiyana tanthauzo cifukwa ca malembo awa. Mwana wonena "bwela" ndi wonena "bwera" onse akhoza. Kusiyana kuli polemba cabe: m'kati mwa tsinde la liu timalemba r pambuyo pa e ndi i, monga bwera, lira, phiri, ndipo timalemba l pambuyo pa a, o ndi u ndi poyamba pa liu, monga mbalame, khola, gula, lemba. Nthabwala za l ndi r zimayamba ana akafika pa Cingerezi, pamene "rice" ndi "lice" kapena "pray" ndi "play" ndi mau osiyana. Pamenepo mudzafunika kuwaphunzitsa kumva kusiyanako kucokera paciyambi, monga momwe munacitira ndi p ndi ph.

Poconga

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala yoseketsa. Mwana akuwerenga mokweza, inu muli ndi pepala ndi pensulo, mukuwerengera mau amene walakwitsa. Wafika pa "tsamba", wanena "samba". Kodi mucita naye bwanji?

Langizo lathu ndi ili. Yang'anani ngati amatero nthawi zonse, ngakhale pocheza ndi anzake panja. Ngati ts aliyense amamuchula s, ndipo mukamufunsa kuti akuonetseni cimene wawerenga aloza tsamba la mtengo, ndiye kuti wawerenga bwino. Waona malembo, wapeza liu, wamvetsa. Kameneko ndi kachulidwe ka kwao, musakawerengere ngati colakwa. Lembani pambali kuti ts akufunika kuphunzitsidwa, koma mamakisi ake mupatseni. Ngati mwana amachula ts bwinobwino polankhula koma powerenga wadumpha t, ndiye kuti vuto lili pa kuzindikira malembo, ndipo cimeneco ndi colakwa ca kuwerenga.

Pali mtundu wacitatu umene umasokoneza aphunzitsi ambiri. M'buku mwalembedwa "madzi", mwana wanena "manzi". Mwalembedwa "zinthu", wanena "vinthu". Tanthauzo walipeza, koma wacoka pa malembo n'kutenga liu la kunyumba. Muyamikireni kuti wamvetsa, kenaka mubwezereni pa pepala: "Ndionetse n m'liu ili." Mukamulekerera, adzazolowera kuyang'ana lembo loyamba ndi cithunzi n'kungoganizira zotsalazo, ndipo cizolowezi cimeneci cimagwa tsiku limene zithunzi zatha m'buku.

Polemba sitipereka ufulu wofananawo. Kalembedwe ndi kamodzi kwa onse, kuti wa ku Lundazi ndi wa ku Kanyama athe kuwerengerana makalata. Wolemba "samba" m'malo mwa "tsamba" muyenera kumuwongolera. Komabe muzikumbukira kuti walemba mokhulupirika zimene wamva, kumene kuli kukhoza pa sitepe yoyamba ya kulemba. Iye ndi wosiyana kwambiri ndi amene wangomwaza malembo.

Nanga ngati kachulidwe kosiyana ndi ka m'buku ndi kanu? Palibe manyazi pamenepo, koma pali udindo, makamaka pa lembetso, pamene mukuchula mau ana n'kumalemba. Mukati "kola" mukutanthauza khola, ana 60 alemba "kola", inu n'kuwaconga onse kuti alakwa. Musanapereke lembetso, pendani mau anu ndipo muike cizindikiro pa amene ali ndi mamvekedwe amene amakuvutani. Liu lililonse lichuleni m'ciganizo, "khola, mbuzi zalowa m'khola", kuti tanthauzo lithandize. Pemphani mphunzitsi mnzanu wa m'deralo akumvetsereni kamodzi, kapena sankhani mwana wochula bwino kuti azibwereza liu pambuyo panu. Mapulogalamu a Cinyanja a pa ZNBC Radio 1 ndi a pa mawailesi a m'madera amathandizanso kuzoloweretsa khutu. Kapepala kaja nakonso sikasankha msinkhu.

Kuseka kugwere pa liu

Ife Azambia timakonda kusekana pa kalankhulidwe. Cimbuya ca pakati pa Abemba ndi anthu a Kum'mawa, kapena ca Atonga ndi Alozi, cimadya kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo pa maliro ngakhale pa ukwati cimapeputsa mitima. Koma cimbuya ndi ca akulu awiri ofanana mphamvu, amene aliyense ali ndi cobwezera. Mwana wa zaka 7 amene wafika sabata yatha, ali yekha pakati pa anzake 50 olankhula mofanana, alibe cobwezera. Akasekedwa kawiri katatu amaphunzira cinthu cimodzi, kuti kutsegula pakamwa n'koopsa. Amasiya kukweza dzanja, amawerenga monong'ona, ndipo pakutha pa temu mumamulemba kuti ndi wocedwa kugwira zinthu. Coipa kwambiri ndi pamene liu lija lasanduka dzina lake pa bwalo la masewera. Mukamva ana akuitana mnzao kuti "Kanda" kapena "Zana", ziletseni tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti muletse kuseka. Simungathe, ndipo kalasi yosaseka siphunzira bwino. Cimene mungathe ndi kukutembenuza kuti kucoke pa mwana kupite pa mau. Kukangoyamba, pitani pa bolodi msanga, lembani mau onse awiri, jambulani munthu akuseka citseko kapena mlenje akupatsa kalulu mphatso. Nenani kuti, "Taonani mau awa, akusiyana ndi lembo limodzi lokha. Ndani angatipezere ena otere?" Maso onse acoka pa mwana uja, ali pa bolodi. Musamuuze kuti abwereze liulo pamaso pa onse mpaka akhoze. Mudzamuthandiza pambuyo pake m'kagulu kakang'ono, ndipo musasonkhanitse ana a mtundu umodzi okhaokha m'kaguluko, sakanizanimo ena.

Cina cimene cimagwira nchito ndi kupatsa mwana wacilendo mpata woti akhale mphunzitsi. Wolankhula Citumbuka aphunzitse anzake kuchula gh ndi zg, aone okha mmene lilime limakanira. Wolankhula Cibemba awauze kusiyana kwa "ukupepa" ndi "ukupeepa". Loyambalo ndi kupemphera, laciwirilo ndi kusuta fodya, ndipo kusiyana kwake ndi kutalika kwa e cabe, kumene khutu la Mnyanja silinazolowere. Anthu a Kum'mawa ambiri okhala ku Copperbelt anauzapo anzao kuti akupita ku chalichi kukasuta. Ana akamva zimenezi amazindikira okha kuti naonso akapita kwina ndiwo amene adzasekedwe.

Pomaliza pa sabata, tsegulani tsamba limodzi kumapeto kwa buku lanu la mapulani. Lembanipo mau awiriawiri amene anaseketsa kalasi yanu, ndi maina a ana amene amawasokoneza. Mndandanda wa ku Petauke sudzafanana ndi wa ku Matero, ndipo palibe buku locokera ku likulu limene lingakulembereni wanu. Pa mphindi zisanu zoyamba za phunziro la kuwerenga, tengani awiri okha pa tsiku, amve, aloze cithunzi, achule, alembe. Caka cikatha, tsambalo mulipereke kwa mphunzitsi amene adzalandira anawo m'giredi yotsatira.